Dzanja Lomwe Dzuwa Linajambula Pamsana pa Mwamuna Wanga

1

Musanayambe kundimvera chisoni, ndikuuzeni kaye kuti ine si mkazi wopusa. Ndikuneneratu chifukwa mukafika pakati pa nkhaniyi muyamba kukayika. Ndinaphunzira mpaka sukulu inandithera, ndipo kuntchito amanditchula kuti Dokotala ngakhale sindinabayepo munthu jakisoni.

Ntchito yanga ndi yopanga ufa, koma osati wodya. Mu labu ya pa yunivesite yathu timatenga ufa woyera wa titaniyamu, womwewu umayeretsa penti wa m'nyumba zanu, n'kuukonza kuti timibulu take tichepe mpaka diso lisatione n'komwe. Ufa umenewu mukauika m'madzi padzuwa umang'amba madziwo, n'kutulutsa mpweya wotchedwa hayidirojeni, umene umayaka bwino osasiya utsi. Tangoganizani, madzi ndi dzuwa basi, munthu n'kuphikira kapena kuyendetsa injini.

Vuto n'lakuti ufawu pawokha ndi waulesi. Dzuwa likhoza kuswa mtengo tsiku lonse, iwo umangotolapo kuwala pang'ono. Kuti ugwire ntchito umafunika kuuthira tina ndi tina pang'ono zedi, ngati mmene mumathirira mchere: mukachepetsa palibe chimene mwachita, mukachulutsa mwaononga. Ine ndinathera utsikana wanga wonse ndikusaka muyeso wa zinthu ziwiri, nayitirojeni ndi siliva, pamodzi ndi kutentha kwa uvuni koyenera kuwotchera. Tsiku lomwe ndinaupeza, ufa woyera uja unatuluka mu uvuni uli wachikasu chotuwira, ndipo nditauika padzuwa madzi a m'botolo anayamba kuchita thovu ngati chakumwa chongotsekula kumene. Ndinakhala pansi m'labu momwemo n'kulira.

Muyeso umenewo ndiwo unali chuma changa chonse. Ena amamanga nyumba, ena amagula magalimoto, ine ndinali ndi manambala angapo m'mutu. Ndinafuna kuwasindikiza nthawi yomweyo kuti anzanga a sayansi aone, koma mwamuna wanga anandigwira dzanja.

"Mayi, musathamange," anatero. "Tipeze kaye kampani yoti ilowepo. Mukangoulula, ena alemera nazo inu mukuyendabe pa minibasi."

Ndinamvera. Padziko lonse lapansi, muyesowo ndinauza munthu mmodzi yekha, ndipo anali iyeyo.

2

Mwamuna wanga anthu onse ankamutchula kuti Injiniya. Ankagwira ntchito pa yunivesite pomwepo, ndipo ndiye ankatipangira mathireyi agalasi oikamo ufa ndi madzi, kulumikiza mapaipi, kukonza uvuni ikavuta. Manja anali nawo, sindingamunamizire. Koma mphatso yake yeniyeni inali pakamwa. Munthu uja akanatha kukugulitsani ambulera yobooka mvula ikugwa, inu n'kumuthokoza.

Ine pagulu lilime limandilemera, choncho tinagawana ntchito. Ine ndinkapanga ufa, iye ankaulankhulira. Ndinkaona ngati Mulungu anatiyeza pasikelo asanatiphatikize.

M'nyumba mwathu tinali atatu. Wachitatu anali mng'ono wanga, womaliza kubadwa m'banja mwathu, yemwe tonse timangomuti Mzime. Bambo athu atamwalira, Mzime anali asanayambe sukulu, ine ndili mtsikana wamkulu kale. Amayi anagwa mphwayi ndi maliro aja kwa nthawi yaitali, ndiye amene ankamusambitsa, kumuluka tsitsi ndi kukakangana ndi aphunzitsi ake ndinali ine. Atasankha kuphunzira zomwe ndinaphunzira ine, ndinanyada mpaka anzanga anatopa nane. Atamaliza digiri yoyamba ndinamutenga kuti adzachite yachiwiri mu labu yanga, ndipo chipinda cha alendo chinakhala chake.

Ankagwirizana ndi mlamu wakeyo, ine n'kumathokoza. Injiniya akabwera kuntchito ankafuula ali pakhomo:

"Mkazi wanga wamng'ono ali kuti? Wamkuluyu wandikalambira!"

"Alamu, mundisiye ine," Mzime ankayankha akuseka. "Ine ndikufuna mwamuna wa tsitsi lonse, osati wa bwalo la mpira pamutu."

Amene ankaseka kwambiri kuposa onse ndinali ine.

Mu labu, Mzime ndinamupatsa ntchito yoyeza mpweya wotuluka m'mathireyi. Za kathiridwe ka ufa ndinali ndisanamuphunzitse, ndipo kabati ya siliva sankaloledwa kuigwira. Makiyi a kabatiyo tinali nawo awiri, ine ndi mayi wina wofufuza mnzanga amene ankagwiritsa ntchito siliva pa kafukufuku wakewake. Mayiyo anali wosakwatiwa, wooneka bwino, ndipo ankalankhula mwa apo ndi apo, moti ophunzira anamupatsa dzina loti Achete.

3

Mkazi amadziwa. Ngakhale wokhalira kuyang'ana m'mabotolo ngati ine amadziwa.

Injiniya anayamba kusamba kawiri patsiku. Foni yake inayamba kugona chafufumimba. Loweruka lililonse padenga la labu pankapezeka paipi yodontha, mpaka ndinayamba kudabwa kuti kodi munthu wa luso chotere mapaipi ake amadontheranji chonchi. Ndikamufunsa ankandipsompsona pachipumi ngati mwana wodwala malungo.

Lamlungu lina masana Mzime akundiluka tsitsi pakhonde, ndinalephera kudzigwira.

"Mzime, alamu ako ali ndi mkazi wina."

Manja ake anaima pang'ono m'mutu mwanga, kenako anapitiriza.

"Aa, asisi! Mwayamba liti nsanje? Alamu aja amakukondani."

"Ndikudziwa zomwe ndikunena. Sindikudziwa kuti ndi ndani basi."

Anamaliza kuluka mzere umodzi. Ndiye anatsitsa mawu, ngati munthu amene sakufuna kunena koma chikondi chamukakamiza.

"Ine sindikufuna kuyambanitsa anthu. Koma asisi, anthu ofatsa aja muziwaopa. Achete aja ndimawaona mmene amawayang'anira alamu akamakonza uvuni."

Ndinamugwira dzanja n'kuliika patsaya panga. Ndinamuthokoza, awerengi. Ndinamuuza kuti popanda iye sindikudziwa kuti ndikanatani.

Madzulo ake ndinaimbira amayi, amene amakhala m'tauni ina. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapumira m'mwamba.

"Mwanawe, limba mtima. Usafufuze kwambiri, ungadzipweteke wekha. Yang'ana ntchito yako."

Ndinaona ngati ndi malangizo a kholo. Kuyambira tsiku limenelo Achete ndinkangowapatsa moni wa m'mano, iwo osadziwa chomwe alakwa.

4

Kenako kampani ija inapezeka. Injiniya anabwera kunyumba akuvina, ati akuluakulu a kampani ina yopanga zipangizo za magetsi a dzuwa akubwera kudzadzionera okha. Tinagwirizana kuti tiwaonetsere padenga la labu masana, dzuwa lili paliwombo.

M'mawa wa tsikulo ndinamusitira ndekha malaya ake oyera, aja a kolala yolimba. Ndinawatembenuza uku ndi uku pawindo, anali mbee, opanda kadontho. Anavala, n'kuponya jekete pamwamba. Onse a mu labu analawirira kukakonza zinthu, ine ndinapita ku hotela kukatenga alendo. Ndili m'njira Mzime ananditumizira uthenga kuti mutu wamugwira mwadzidzidzi, wabwerera kunyumba kukagona. Ndinamuyankha kuti amwe madzi ambiri.

Padenga zonse zinali m'malo mwake. Mathireyi agalasi anali atandandalikidwa moyang'ana dzuwa, pansi pake patamatidwa ufa wanga wachikasu, madzi akuyenda pamwamba pang'onopang'ono. Timathovu tinkakwera osalekeza, kulowa m'paipi, mpweya n'kukasonkhana m'thanki yaing'ono. Kumapeto kwake tinaikako kachitofu ndi ketulo. Alendo anali amuna atatu a masuti ndi mayi mmodzi wa ambulera.

Injiniya anayamba kulankhula, ndipo anali pa ubwino wake. Anawaseketsa, anawadabwitsa, anayatsa kachitofu kaja ndi mpweya wochokera m'madzi, alendo n'kuwomba m'manja. Kutentha kutanyanya anavula jekete n'kundipatsa ine kuti ndimugwirire. Ndinaima kumbuyo pamodzi ndi alendo, iye ali kutsogolo atatifulatira, akuloza mathireyi ndi kandodo.

Patapita kanthawi ndinaona kachizindikiro kotuwa pamsana pake, m'munsi mwa phewa lamanzere. Ndinayesa thukuta. Koma thukuta silida, ndipo ichi chinkada ndikuyang'ana. Chinachoka pa kutuwa n'kukhala chofiirira, kenako chakuda. Panatuluka chala chimodzi, kenako china, mpaka zonse zisanu ndi chikhatho chake. Linali dzanja laling'ono, la mkazi, zala zake zitapindika pang'ono ngati za munthu amene akukokera mnzake pachifuwa.

Ndinadziwa chomwe ndikuona. Madzi a siliva amene timathira mu ufa ndi oyera ngati a pampopi. Akakudonthera m'manja suona kanthu, ukhoza kupukuta n'kumayenda ukudziona waukhondo. Koma akangokumana ndi dzuwa amada bii, pakhungu kaya pansalu, ndipo sopo sachotsa. N'chifukwa chake aliyense wodziwa ntchitoyi sagwira botolo limenelo opanda magolovesi.

Mkazi wina anagwira siliva m'mawa umenewo, kenako anakumbatira mwamuna wanga atavula jekete, pa malaya omwe ndinasita ine.

Mayi wa ambulera uja anandiyang'ana, n'kuyang'ana dzanja lija, n'kuyang'ana kumbali. Mmodzi mwa amuna aja anatsokomola. Injiniya, osadziwa kanthu, anatembenuka akumwetulira n'kufunsa kuti ndani akufuna tiyi wa dzuwa.

Ndinapita n'kumuveka jekete ndi manja anga, ndikumwetulira. Mpaka lero sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu zimenezo.

5

Alendo atangotsika, ndinakokera Injiniya pa masitepe.

"Vulani jekete."

"Mayi, mwandiveka nokha, pano ndivulenso?"

"Vulani, ndi malaya omwe."

Ataona dzanja lija nkhope yake inagwa, koma kwa kamphindi chabe. Pakamwa paja sipanachedwe kudzuka.

"Aa, izi? Ndiye kuti ndinatsamira pa tebulo la m'labu. Mukudziwa mmene anthu anu amatayira zinthu."

"Tebulo la zala zisanu?"

"Kapena wina anandisisita pondifunira mafuno abwino. Anthu analipo ambiri m'mawa, ndingakumbukire onse? Mayi, lero ndi tsiku lalikulu, musaliononge ndi nsanje."

Ndinamusiya ali chiimire ndi malaya m'manja. Ndinatsika masitepe awiriawiri, ndikudziwa komwe ndikupita. Makiyi a siliva tinali nawo awiri, ndipo manja anga anali oyera.

Achete ndinawapeza akutsuka mabotolo pa sinki. Sindinapereke moni.

"Ndioneni manja anu."

Anandiyang'ana modabwa, koma anavula magolovesi n'kutambasula manja onse awiri. Ndinawagwira, ndinawakokera pawindo pomwe dzuwa linkalowa, ndinawatembenuza, ndinayang'ana pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Ndinadikira. Sipanatuluke kanthu.

"Dokotala," anatero mofatsa, "ine siliva sindinamugwire mwezi uno wonse. Ndipotu ndimafuna ndikufunseni. Botolo lija likutsika msanga. Lolemba lililonse ndimapeza latsikako. Ndimayesa ndinu mumabwera Loweruka."

"Ine Loweruka sindibwera."

"Ndiye pali kiyi wachitatu." Anavalanso magolovesi ake osandiyang'ana. "Okonza zinthu amakhala ndi makiyi a zitseko zonse ndi makabati onse m'nyumba ino. Inu mukudziwa bwino kuposa ine."

Ndinatsegula uvuni. Munali kambale ka ufa kongoikidwa m'mawa womwewo, kakuyamba kale kusanduka chikasu chotuwira chija. Sunali ufa wa munthu woyesayesa. Unali wanga weniweni, muyeso wanga, wothiridwa ndi manja ena.

Ndinapepesa kwa Achete ndili chiimire pomwepo. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti ndikhale pansi kaye, ndatuwa.

6

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Sindinkaganiza za Mzime ngati wolakwa, Mulungu ndi mboni. Ndinkathamangira kwa iye ngati mmene munthu amathamangira kwa m'bale wake zinthu zikamuthina, kuti ndikamuuze kuti tinawanamizira Achete.

Makatani a kuchipinda kwake anali otseka. Iye anali atagona moyang'ana kukhoma.

"Mzime, mutu uli bwanji?"

"Ukuchepa, asisi. Zayenda bwanji?"

Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kumukhudza pachipumi. Sanali wotentha. Pamenepo ndi pomwe ndinaona kuti dzanja lake lamanja lakulungidwa bandeji mpaka kunsonga za zala.

"Nanga apa?"

"Ndapsa ndi simbi. Ndimafuna kusita diresi, ndiye chizungulire chinandigwira. Si zambiri."

"Wamanga molimba kwambiri, bala la moto silifuna choncho. Bwera ndikuone."

"Ayi asisi, ndathira kale mankhwala."

"Bwera kuno iwe. Mabala ako onse kuyambira uli mwana ndatsuka ndine."

Anakoka dzanja, ine ndinaligwira. Ngakhale pamenepo mutu wanga unali usanavomere, koma manja anga anali atadziwa kale, chifukwa anagwira mwamphamvu kuposa mmene munthu amagwirira wodwala. Ndinatsekula katani ndi dzanja linalo n'kuyamba kumasula bandeji.

Panalibe bala. Chikhatho chonse chinali chakuda bii, zala zonse zisanu mpaka m'mizere yake, khungu litafiira m'mbali chifukwa chokhula ndi sopo ndi mwala. Kunsonga kwake kunali zikhadabo zazitali zomatira, zofiira, zomwe anakaikitsa dzulo lake kuti adzaoneke bwino pamaso pa alendo.

Tinakhala tikuyang'ana dzanja lija tonse awiri ngati ndi la munthu wina.

"Magolovesi anali kuti?" ndinafunsa. Ndi funso lokhalo limene linabwera. Mwamuna wandithawa, mng'ono wanga wandiyenda pansi, ine n'kumafunsa za magolovesi.

"Amang'ambika ndi zikhadabozi," ananong'ona. "Ndinavula. Ndinasamba m'manja, asisi, panalibe kanthu."

Kenako analira, ndipo zonse zinatuluka. Zinayamba chaka chathachi, ine nditapita kumsonkhano kunja. Loweruka lililonse Injiniya ankamutsegulira kabati n'kumuphunzitsa muyeso wanga, womwe ine ndinauza Injiniyayo pa pilo. Kampani ija sinabwere kudzagwirizana ndi ine kapena yunivesite. Injiniya anali atawauza kumbali kuti njirayo ndi yake, ndipo ali ndi katswiri wake wachitsikana wotha kupanga ufawo popanda "mayi wovuta uja". Kambale ka mu uvuni kanali umboni woti akawapatse alendowo asananyamuke. Mwezi wotsatira awiriwa akanasamukira ku mzinda wa kampaniyo, ine n'kudzuka m'nyumba yopanda anthu.

"Ndiye tsiku lija umandiluka tsitsi, n'kumandiuza za Achete?"

Anayang'ana pansi.

"Ndinakulakwira chiyani, Mzime?"

"Palibe, asisi." Anapukuta mphuno ndi bandeji ija. "Kungoti chilichonse chimene ndili nacho munandipatsa ndinu. Sukulu ndinu, ntchito ndinu, chipinda chino ndinu. Aliyense amanditchula kuti mng'ono wa Dokotala. Alamu okha ndi amene anandiuza kuti ndikhoza kukhala munthu pandekha."

"Pawekha? Ndi mwamuna wanga ndi muyeso wanga?"

Anabisa nkhope m'pilo.

7

Ndinatuluka panja, ndinakhala pa sitepe ya khonde, ndinaimbira amayi. Ndinalira ngati mmene ndinali ndisanalirirepo chimwalirire bambo. Mawu ankatuluka oduka, koma ndinawauza zonse, za dzanja, za bandeji, za kampani.

Sanakuwe. Sanati "Mayo ine!" Sanafunse kuti ndati chiyani. Ndinamva wailesi yawo ikulankhula chapatali, kenako anaitsitsa.

"Ndiye wadziwa tsopano," anatero.

Ndinachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana.

"Amayi, mwati chiyani?"

"Ndinawapeza ine, ulendo uja ndinabwera kudzaonana ndi dokotala wa maso. Iwe unali kuntchito. Ndinamukalipira mng'ono wako, ndinamuuza asiye."

"Ulendo uja? Munakhala m'nyumba mwanga sabata yonse, tikudya limodzi, inu mukudziwa? Nditakuimbirani kuti ndikukayikira, munandiuza kuti ndisafufuze, mukudziwa?"

"Ndikanatani, mwanawe? Nonse ndinu ana anga. Ndiponso pano zinthu zafika pena. Mng'ono wako ndi woyembekezera. Sanakuuze?"

Sanandiuze. Ndinatsamira chipupa.

"Tamvera," amayi anapitiriza, mawu awo ali ofewa ngati akundinyengerera kumwa mankhwala. "Iwe ndiwe wolimba. Kuyambira kale iwe umadzitha. Uli ndi ntchito, uli ndi dzina, mutu wako umagwira, upanganso china. Koma Mzime ndi wofooka, akangosiyidwa agwa. Asiye apite ndi zaufazo akayambire moyo. Usachite zoti anthu atiseke."

Ndamvapo mawu oipa m'moyo mwanga, koma palibe amene anandipweteka ngati kuyamikiridwa kumeneko. Mwamuna anandibera, mng'ono wanga anandinamiza, koma amayi anakhala pansi, anatiyeza ana awo awiri, n'kuona kuti woyenera kumuponda ndi ine chifukwa sindisweka.

8

Injiniya sanabwere kunyumba tsiku limenelo, anangotumiza uthenga woti tikambirane ngati anthu akuluakulu.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi, ndinatseka chitseko, ndinakhala pa kompyuta. Ndinalemba zonse: muyeso wa nayitirojeni, muyeso wa siliva, kutentha kwa uvuni, kutalika kwa nthawi yowotcha, ngakhale kasakanizidwe kake. Sindinabise kalikonse. Pofika masana ndinali nditaziika pa malo a pa intaneti pomwe ofufuza amaikapo zomwe apeza kuti aliyense awerenge ulere, dzina langa lili pamwamba. Kenako ndinatumiza uthenga waulemu kwa mayi wa ambulera uja, womuuza komwe angakawerenge.

Palibe kampani imene imagula chinsinsi chomwe dziko lonse likuwerenga. Alendo aja ananyamuka osatenga kambale kaja.

Injiniya anabwera ku ofesi, kwa nthawi yoyamba mawu okoma aja atamuthawa.

"Mwachita chiyani? Mwawotcha tsogolo lathu tonse! Ndi lanu lomwe!"

"Ndikudziwa," ndinatero.

Ndinkadziwadi. Musaganize kuti ndinapambana. Akuluakulu a yunivesite anandiitana n'kundikalipira, ndipo anali ndi chifukwa, poti nawonso anataya gawo lawo. Chinthu chomwe ndinachisaka utsikana wanga wonse ndinachimwaza masana amodzi. Lero ndimamva kuti ofufuza a kutali akuchigwiritsa ntchito, ena akuchikonza kuposa ine, ndipo dzina langa limapezeka m'munsi mwa mapepala awo m'zilembo zing'onozing'ono. Ine ndikuyendabe pa minibasi.

Ukwati unatha. Injiniya anasiya ntchito chifukwa nkhani ya makiyi inamveka. Mzime sanamalize digiri yake, ngakhale ine sindinamuchotse, anangosiya kubwera. Akukhala limodzi kwinakwake, ndipo ndinamva kuti mwana anabadwa wamkazi.

Amayi anabwera patangopita masiku ochepa kudzatenga katundu wa Mzime, poti mwiniwake ankaopa kundiona. Sanandikumbatire. Analowa m'chipinda chija, anatsegula kabati, anayamba kutulutsa zovala n'kuziunjika pabedi. Ine ndinaima pakhomo, ndikudikira. Ndinkadikira mawu amodzi okha, oti pepa, kapena oti wadya kodi.

Anatembenuka, diresi la Mzime lili m'manja.

"Waima chiyani pamenepo? Bwera undithandize kupinda, msana wanga ukundipweteka."

Awerengi, anthu akamva nkhaniyi amandifunsa ngati ndimadana ndi amuna tsopano, kapena ngati ndidzamukhululukira mng'ono wanga. Za amuna sindikudziwa, za Mzime nthawi idzanena. Chomwe ndalembera nkhaniyi n'china. Pafupifupi m'banja lililonse muli mwana mmodzi amene nonse mumamutcha wolimba. Ndi amene mumamuimbira zikavuta, amene simumufunsa ngati wagona bwino, amene mumamuuza zoipa pomalizira chifukwa akuti apirira. Ngati muli naye, muimbireni lero, osati kuti mumutume kanthu. Ndipo ngati wolimbayo ndinu, phunzirani msanga kunena kuti zandipweteka, anthu akumva, chifukwa ine ndinaphunzira mochedwa.

Tsiku lija ndinalowa m'chipindamo, ndinakhala pabedi pafupi ndi amayi, ndipo ndinapinda zovala zonse za Mzime, bwinobwino, kuti zisakakwinyike m'njira.